Crusader Kings III: gemu imene mfumu imapempha msonkho chogwada

Mu nthano zambiri za maufumu opeka, zija za zinjoka zolavula moto ndi malupanga amatsenga, mfumu imangolankhula kamodzi zinthu n'kuchitika. Ikati kunkhondo, asilikali zikwizikwi ali kale pabwalo. Wawadyetsa ndani, mikondo wasula ndani, ndalama yatuluka m'thumba la yani, palibe amafunsa. Ine ndimaphunzitsa History pasekondale ina yoyendera kuno ku Ntcheu, ndipo mafunso amenewa sandipatsa mtendere ndikamaonera zoterezi. Crusader Kings III ndi gemu ya pakompyuta imene inamangidwa pa mafunso omwewo. Ndikudziwa kuti kwa ambiri kuno gemu ndi mpira wa pa PlayStation m'timashopu ta pa boma, koma iyi ndi ya mtundu wina, ndipo ndaisewera mokwanira kuti ndinene pamene ikukoma ndi pamene ikuperewera.

Inapangidwa ndi kampani ya ku Sweden ya Paradox Interactive, ndipo inatuluka pa 1 September 2020. Umasankha chaka choyambira, 867 kapena 1066, pambuyo pake anawonjezeranso 1178, ndiye nthawi imayenda mpaka 1453. Mapu ndi a dziko lenileni ndipo mafumu oyambira ambiri anakhalakodi: William wa ku Normandy alipo, mafumu a Ghana wakale uja alipo, a ku Abyssinia alipo. Koma gemu ikangoyamba, mbiri imasiya njira yake. Patatha zaka 100 ukhoza kupeza Mhausa akulamulira Egypt. Muli poti ukhoza kudzipangira mfumu yako, kuipatsa dzina, nkhope, chipembedzo ndi khalidwe, ndipo osewera ena anapanga zowonjezera zaulere zimene zimasandutsa mapu onse kukhala dziko la nthano, la zinjoka ndi afiti. Malamulo a ufumu amakhalabe omwewo. Susewera ngati dziko, umasewera ngati munthu mmodzi. Akafa umalowa mwa wolowa m'malo mwake, ndipo banja likatha wopanda wolowa, gemu yathera pomwepo.

Maudindo ake ndi makwerero. Pansi pali baron, mwini linga limodzi kapena tauni imodzi. Pamwamba pake pali count, kenako duke, kenako king, kenako emperor. Munthu wokulira kuno savutika nazo, chifukwa tinazolowera kale kuti nyakwawa ili pansi pa gulupu, gulupu pansi pa T/A, ndipo a T/A monga a Kwataine, a Ganya, a Njolomole ndi a Makwangwala amayang'ana kwa Inkosi ya Makhosi Gomani. Chimene chinandigwira mtima ndi lamulo limodzi laling'ono: sungakhale ndi munthu pansi pako amene udindo wake ukufanana ndi wako. Ndiye taganizani. Ndiwe count, wagonjetsa madera anayi oyandikana nawe. Gemu ili ndi malire a madera amene munthu mmodzi angayendetse yekha, ukapitirira msonkho umayamba kutsika ndipo anthu amayamba kung'ung'udza. Uyenera kugawako. Koma ukapatsa mnzako dera iwe ukadali count, tsiku lomwelo wafanana nawe, watuluka m'manja mwako ndi dera lomwe. Njira ndi kuyamba wakhala duke, ndipo kuti utero uyenera kukhala ndi madera opitirira theka la chigawo chimenecho n'kulipira golide 250. Wa king ndi 500. Udindowo pawokha subala ngakhale tambala. Chimene wagula ndi chilolezo choti anthu ena akhale pansi pako.

Palinso nkhani ya malire a makolo. Chigawo chilichonse chili ndi madera amene mwambo umati ndi ake, kaya panopa akulamulira ndani. Duke akaona kuti dera la m'malire ake lili m'manja mwa mfumu, amakhala ndi chakukhosi mpaka kufa, ndipo mwana wake amachitengera. Aliyense amene anakhalapo pabwalo pamene magulupu awiri akukangana za dambo, wina akuloza mtengo wa mkuyu wina akuloza mtsinje umene unasintha njira, adzaizindikira nkhaniyi msanga.

Koma mtima wa gemuyi uli pa msonkho. Mfumu imadya mokwanira kuchokera m'madera ochepa amene ikuyendetsa yokha. Kwina konseko imangolandira kagawo, ndipo kagawoko kalembedwa m'pangano la pakati pa iyo ndi nduna iliyonse payokhapayokha. Msonkho wamba ndi 10 pa 100 iliyonse ya zimene ndunayo imapeza. Ukhoza kuukweza mpaka 25, ukhozanso kuutsitsa mpaka ndunayo osalipira kanthu. Asilikali nawonso ndi chimodzimodzi, ndunayo imakubwereka gawo la anyamata ake, osati onse. Panganolo umalisintha kamodzi kokha pa moyo wa ndunayo, ndipo posintha uyenera kupereka kanthu posinthana: ukweze msonkho koma umulonjeze mpando m'khonsolo yako, kapena umulonjeze kuti sudzamulanda udindo, kapena umusiye apembedze chimene akufuna. Ukangokweza osapereka kanthu, nduna zonse m'dziko zimakulemba kuti ndiwe wankhanza, ngakhale zimene sunazikhudze.

Ilipo njira yachidule. Kazitape wako wamkulu akakupezera chinsinsi cha nduna, umachigwiritsa ntchito ngati mbedza, ndunayo n'kuvomera msonkho wokwera popanda kupatsidwa kanthu. Amalume anga, amene ndi nyakwawa kumudzi kwathu cha ku Nsipe, anagona kwathu tsiku lina atabwera pa boma kudzatenga mswahara. Titadya nsima anakokera mpando pafupi ndi tebulo, magalasi ali pamphuno, kuyang'ana timitu ta anthu tili ndandanda pa laputopu. Ndinawafotokozera kuti uyu ndi mfumu, awa ndi nduna zake, nambala yobiriwirayo ndi amene akuikonda, yofiira ndi amene akuida.

"Aphunzitsi, uyu mukumukwezera msonkhoyu mwamupatsa chiyani?"

"Palibe, amalume. Ndagwira chinsinsi chake. Mwana amene akumuti ndi wolowa m'malo mwake si wake."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako analoza nambala yofiira ija ndi chala. "Mudya ndithu chaka chino. Koma tsiku limene mudzagone pamphasa, woyamba kufika ndi khasu ndi yemweyu."

Anafunsanso kuti bwanji nduna ina yamphamvu, ya asilikali ambiri, ndaisiya kunja kwa khonsolo. Ndinati ndi mbuli, sidziwa kuwerenga ndalama, ndaika munthu wamba wanzeru pampandopo. Iwo anangopukusa mutu, nati munthu wotere umamuika pafupi ngakhale akhale chitsiru, chifukwa akakhala patali amapeza anzake. Gemu ikugwirizana nawo. Nduna zamphamvu zimayembekeza umodzi mwa mipando isanu, wa zokambirana ndi maiko ena, wa chuma, wa nkhondo, wa ukazitape kapena wa chipembedzo, ndipo ukaimana imakuda koopsa. Ndiye tsiku lililonse ukusankha pakati pa munthu wodziwa ntchito ndi munthu amene angakugwetse. Amalume sanagwirepo kompyuta chibadwire, koma madzulo amenewo akanandigonjetsa.

Mphamvu za mpando wachifumu zili m'magawo anayi. Pa gawo loyamba mfumu ndi dzina chabe, nduna zimachita zofuna zawo. Pa lachiwiri ukhoza kulanda munthu udindo. Pa lachitatu nduna sizingamenyane zokhazokha mwachisawawa. Pa lachinayi mfumu imasankha yokha wolowa m'malo. Aliyense wongoyamba amathamangira gawo lachinayi, chifukwa ndi mfumu ya m'nthano ija. Koma kukwera kulikonse kumatsitsa chikondi cha nduna zonse, ndipo zosakondwazo zimapanga kagulu. Kagulu kena kamafuna mphamvuzo zitsike, kena kamafuna kudziimira pakokha, kena kamafuna kuika mchimwene wako pampando. Asilikali awo akachuluka kuyerekeza ndi ako, kalata imafika: vomera kapena tikumane kudambo. Ndipo asilikali amene unkawerengera kuti ndi ako aja, theka lake ndi anyamata a nduna zomwezo. Apa ndi pamene gemuyi imaposa nthano zambiri. Mfumu yamphamvu kwambiri papepala ndi imene imagona tulo tochepa.

Si maufumu onse amayenda ndi pangano lolembedwa. Ukasewera mfumu ya fuko, monga ambiri a ku West Africa kapena ma Viking mu 867, asilikali ako odziwa nkhondo umawalemba ndi kutchuka osati golide, ndipo kutchukako umakupeza pomenya nkhondo ndi kufunkha. Mfumu yokhala phee imasauka ulemu. Izi zinandikumbutsa Angoni a Maseko asanafike azungu, pamene ng'ombe ndi anthu ogwidwa kunkhondo ndiye anali chuma cha inkosi.

Pa za kulowa ufumu ndiye pamene anthu ambiri amataya mtima. Kwa zaka mazana oyambirira lamulo ndi logawa: mfumu ikafa, maudindo ake amagawidwa kwa ana ake aamuna onse. Wavutika moyo wonse kulumikiza dziko, uli ndi ana anayi, ukufa, ndipo ukudzuka uli mwana woyamba wokhala ndi chigawo chimodzi ndi abale atatu amene aliyense ali ndi asilikali ndi ufulu wolanda mpando wako. Zili ngati munda wa agogo umene unali maekala khumi, lero mdzukulu aliyense ali ndi mizere yowerengeka ndi mkangano wa pamalire. Lamulo loti mwana woyamba atenge zonse limabwera mochedwa kwambiri, chakumapeto kwa gemu. Ndiye umapezeka ukuchita zinthu zochititsa manyazi: kutumiza mwana wachiwiri ku nyumba ya ansembe, kumuchotsa pa mndandanda wa olowa, kapena kumuika patsogolo pa nkhondo imene ukudziwa kuti sapulumuka. Gemu simakuletsa, koma ngati mfumu yako ndi ya mtima wachifundo, zoterezi zimaiunjikira nkhawa mpaka kuyamba kumwa mowa mwauchidakwa kapena kudwala mutu.

Wolowa akakhala mwana wamng'ono, pamakhala womugwirizira mpando. Izi anaziwonjezera mu 2023, ndipo anazichita bwino: wogwirizirayo akakhalitsa amayamba kuzika mizu, kudzipatsa mphamvu pang'onopang'ono, ndipo kumuchotsa mwana atakula si masewera. Ine nkhani imeneyi ndimaiphunzitsa m'kalasi chaka chilichonse ndi maina athu. Inkosi Mputa atafa, mwana wake Chikuse anali wamng'ono, ndiye mbale wa Mputa, Chidyaonga, anagwirizira ufumu wa Amaseko nawatsogolera mpaka kukhazikika ku Domwe. Chidyaonga anasunga mwambo, mpando unabwerera kwa Chikuse. Koma mwana wa Chidyaonga, Chifisi, anakula akuona bambo ake akulamulira, ndipo sanavomere kukhala pansi. Chikuse ndi Chifisi onse awiri anafa mu 1891, mkangano n'kutsalira ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, amene anamenyana mpaka a Kachindamoto anatsikira kunyanja ku Mtakataka, kumene ufumu wawo uli mpaka lero m'boma la Dedza. Nditaona mwana wa wogwirizira wanga mu gemu akusonkhanitsa kagulu kofuna mpando, sindinafunikire wondimasulira.

Tsopano zoperewera, chifukwa zilipo ndipo zina ndi zazikulu.

Choyamba, anthu wamba mulibe. Alimi amene akulipira msonkho wonsewu ndi nambala chabe pakona ya dera. Nambalayo ikatsika kwambiri amaukira, iwe n'kutumiza asilikali, nkhani yatha. Gemu imadziwa bwino kukambirana kwa mfumu ndi nduna, koma sidziwa kulemera kwa msonkho pa khomo la munthu. Kuno timakudziwa. Boma la Harry Johnston linabweretsa msonkho wa nyumba wa mashilini 3 m'zaka za m'ma 1890, ndipo utakwera pambuyo pake, wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira theka, kutanthauza kuti msonkhowo unali chingwe chokokera anthu ku maesiteti. Wolephera ankamutenthera nyumba. Gomani Chikuse anakana kuti anthu ake alipire kapena kukagwira ntchito kwa azungu, ndipo anaphedwa mu 1896. Mwana wake Philip Gomani anauza anthu mu 1953 kuti asamvere malamulo a boma a malimidwe pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, boma n'kumuchotsa pampando, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Mfumu yokanira anthu ake msonkho, yoluza mpando chifukwa cha alimi, gemuyi ilibe malo ake. Mwa iyo mfumu nthawi zonse ndi wolandira.

Chachiwiri chikukhudza amayi. Malamulo olowera ufumu alipo angapo: aamuna okha, aamuna patsogolo, onse mofanana, aakazi patsogolo. Ukhoza kusewera Daurama wa ku Daura, mfumukazi ya Ahausa, mu 867. Ukhozanso kukwatitsa mwana wako wamkazi mwa pangano loti ana adzakhale a banja lako, chimene ndi chikamwini ndithu. Koma ufumu wa Chichewa, woti wolowa ndi mwana wa mlongo wa mfumu, ndipo amene amakhala pansi kusankha kuti mwa ana a mbumba woyenera ndi uti ndi amayi akuluakulu a banjalo, sindinaupeze. Masankho amene alimo, monga a ku Ireland kapena a ku Germany, oponya voti ndi eni maudindo. Kwa munthu wofuna kumanga ufumu wopeka wofanana ndi wa Kalonga, ndi mtulo wa minyanga ndi zikopa za akambuku, ndi mayi wa mfumu amene mawu ake amalemera, zida zake n'zoperewera. Mfumu yake ndi mwini nthaka, pamene kwathu mfumu ndi msungi wa nthaka ya anthu.

Ndipo mu gemuyi pamwamba pa mfumu yaikulu koposa palibe wina, kupatula Papa amene akhoza kukuchotsa mu mpingo ngati uli Mkatolika. Amalume anaona zimenezi okha. Anafunsa kuti nanga DC ali kuti. Kuyambira pa lamulo la mafumu la 1967, amene amavomereza kapena kuchotsa mfumu yaikulu m'Malawi ndi Pulezidenti, mswahara umachokera ku boma, ndipo msonkho wa pamsika wa Lizulu kapena Tsangano umatoleredwa ndi khonsolo. Nyakwawa imangoona chabwalo ndi nkhuku ya chindapusa. Sindikuimba gemu mlandu pa ichi, nthawi yake ndi ina, koma wosewera asaganize kuti akuphunzira ufumu wa lero.

Nkhondo zake ndi zozizira. Umangoloza gulu la asilikali kumene lipite, manambala awiri n'kumatsika mpaka imodzi ithe. Wofuna kuona malupanga akuthetheka asataye ndalama yake.

Za mtengo ndi zipangizo. Pa foni siipezeka. Ili pa kompyuta, ndiponso pa PlayStation 5 ndi Xbox Series kuyambira 2022. Pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, gemu yoyambira ndi pafupifupi madola 50, imene m'makwacha a lero ndi ndalama yoti mphunzitsi aiganizire kawiri, ndipo pamafunika khadi la ku banki lolipirira kunja. Nthawi za sale imatsika kwambiri, ndiye kudikira kuli ndi phindu. Zowonjezera zogulitsa zilipo zambiri ndipo ukaziphatikiza zimaposa mtengo wa gemu yeniyeniyo. Zonse ndafotokoza pamwambazi zili mu yoyambira. Kuitsitsa kumadya magigabaiti angapo, ine ndinadikira bandulo ya usiku, koma ikalowa siifunanso intaneti pokhapokha ukufuna kusewera ndi anzako. Laputopu ikhale ya RAM yosachepera 8GB ndi khadi la zithunzi labwinoko. Yanga ndi yogula kwa munthu, imaikwanitsa nditatsitsa zithunzi, koma ikafika zaka za m'ma 1200, anthu atachuluka m'dziko, imatentha n'kumalira ngati ikufuna kuuluka, ngakhale m'kuzizira kwa June. Batire silipirira. Magetsi akazima uli pakati pa nkhondo, chimene chimakupulumutsa ndi choti gemu imadzisunga yokha pakapita kanthawi, ndipo ukhoza kuiuza kuti izichita zimenezi pafupipafupi.

Chichewa mulibe, ndipo Chingerezi chake ndi cha mabuku, chodzaza mawu a malamulo akale. Chothandiza n'choti mawu ovuta aliwonse ukawaloza ndi mausi amatsegula kabokosi kofotokoza, ndipo m'kabokosimo mawu enanso amatsegula kena. Mwana wa Fomu 3 wokonda kuwerenga akhoza kutolapo Chingerezi chambiri, koma makolo adziwe kuti muli chigololo, kuphana ndi poizoni, ndi maukwati a pachibale. Si ya ana a pulayimale.

Wongoyamba ayambire ku Ireland mu 1066, kumene gemu imakuphunzitsa yokha ndi mfumu yaing'ono ya ku Munster. Anansi ndi ofooka, chilumba chili patali ndi zimphona, ndipo makwerero onse kuchokera pa chigawo chimodzi mpaka ufumu wa chilumba chonse umawakwera m'moyo wa mfumu imodzi kapena awiri. Masiku oyamba mudzaona ngati mukuwerenga fomu ya ku ofesi, mabokosi ndi manambala paliponse. Zimayamba kukoma mfumu yanu yoyamba ikafa, pamene mwana amene munamunyalanyaza uja ndiye mwakhala inuyo, ndipo nduna zonse zimene bambo ake anazifinya zikumuyang'ana.

Kwa aphunzitsi anzanga a History, kwa olemba nkhani ndi masewero amene akufuna kupeka ufumu woti owerenga aukhulupirire, ndi kwa aliyense wokhala ndi laputopu yabwino ndi mtima wodekha, ndikuti igulani, koma pa sale, ndipo yoyambira yokha. Wofuna gemu ya mphindi khumi podikira minibasi ya ku Balaka ayang'ane kwina. Sale yaikulu ya Steam imabwera chakumapeto kwa December, imene mwatsoka ndi nthawi yomweyo ya feteleza wobereketsa ndi fizi ya teremu yachiwiri.